Fodya wabwerera m'botolo: vape ndi mabatire ake pa Kamwendo

Pa Kamwendo m'boma la Mchinji pamakumana misewu iwiri. Wina ndi wa M12, wochokera ku Lilongwe kupita kuchipata cha Mwami. Wina umakhotera kumpoto kudzera ku Kapiri mpaka kukafika ku Kasungu. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, malole osenza mabelo amadutsa pamphambanoyi, ena kulunjika ku Kanengo, ena ku Chinkhoma. Anthu a kuno fodya amamudziwa kuyambira ku nazale, kuchigafa, mpaka pa jeke. Mwana wa mlimi amatha kusiyanitsa tsamba lapansi ndi lapamwamba asanadziwe kuchulukitsa manambala.

Masiku ano mumsewu womwewu mukuyenda chikonga cha mtundu wina, chobwera kuchokera kumene mabelo amapita. Sichioneka ngati fodya mpang'ono pomwe. Ndi kachipangizo kokwana m'dzanja, kofanana ndi cholembera chonenepa, kotulutsa nthunzi yonunkhira mango kapena chinanazi. Achinyamata amangokatchula dzina lake lachizungu, vape. Amagulitsidwa m'masitolo ena a ku Lilongwe ndi ku Lusaka, ndipo malonda ake ena amachitikira pa WhatsApp ndi pa Facebook. Malo ngati Kamwendo, amene ali pakati pa likulu la dziko ndi mzinda wa Chipata, salandira mochedwa katundu wolowa m'thumba la malaya.

Kachipangizoka kalibe moto. M'kati mwake muli batire, kawaya kokulungidwa kotchedwa koyilo, kathonje, ndi kabotolo kosungiramo madzi apadera kamene amakatcha pod. Munthu akakoka mpweya, batire limatenthetsa koyilo, madzi amene anyowetsa thonje amasanduka nthunzi, nthunziyo n'kulowa m'mapapo. Madziwo amapangidwa ndi mankhwala awiri, propylene glycol ndi glycerine, kuphatikiza zonunkhiritsa ndi chikonga. Amene anakonza vape wamakonoyu m'chaka cha 2003 ndi Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku China, yemwe ankasuta kwambiri ndipo bambo ake anamwalira ndi khansa ya m'mapapo. Mpaka lero mavape ochuluka padziko lonse amachokera mumzinda wa Shenzhen m'dziko lomwelo.

Mavape ali m'magulu. Pali otaya: madzi akatha kapena batire likafooka, chonsecho chimapita kudzala. Pali ena otchaja koma a pod yomata, imene ikatha umagula ina ya kampani yomweyo. Ndiye pali othira, amene mwiniwake amatsegula kachivindikiro n'kuthiramo madzi a m'botolo logula padera, koyilo ikapsa n'kuisintha. Mwa othirawa, ochepa ali ndi batire lochotseka, loti likatopa umaikamo lina osataya chipangizo chonse.

Gulu lomalizali likutchuka chifukwa cha zinyalala. Ku Britain, bungwe la Material Focus linapeza mu 2023 kuti mavape otaya pafupifupi 5 miliyoni ankatayidwa sabata iliyonse, aliyense ali ndi kabatire ka lithium m'mimba mwake, kamene kakanatha kutchajidwanso kambirimbiri. Mabatire oterewa akaphwanyidwa m'galimoto zonyamula zinyalala amabutsa moto. Dziko la Belgium linaletsa mavape otaya kuyambira pa 1 Januwale 2025, France inatsatira mu Febuluwale, ndipo Britain pa 1 Juni chaka chomwecho. Mayiko a mu European Union anakhazikitsanso lamulo mu 2023 loti kuyambira mu Febuluwale 2027, zipangizo zonyamula m'manja zizikhala ndi batire loti mwiniwake angathe kulichotsa ndi kuikamo lina. Mafakitale a ku Shenzhen amapanga zimene misika ikuluikulu ikufuna, choncho mavape othira ndi a batire losintha adzachuluka, ndipo adzafika kuno monga momwe mafoni ndi nyali za sola zinafikira.

Kunena zoona, pa nkhani ya zinyalala ndi ya m'thumba, vape wothira wa batire losintha ndi wabwinopo kusiyana ndi wotaya. Kwathu kuno zinyalala sitisankha. Zonse zimakathera kunkhuti kuseri kwa nyumba, ndipo zikachuluka timazitentha, ana ali pomwepo akusonkhezera. Batire la lithium likalowa pamoto limaphulika ndi kutulutsa utsi wapoizoni. Likakwiririka m'dothi limadzimbirira pafupi ndi chitsime kapena dimba. Chipangizo chimodzi chokhala zaka ziwiri chikuposa kutali tizipangizo makumi angapo tomwazika m'ngalande.

Vuto lili pakuti chimene chikukometsa vape wothirayu ndi chomwecho chimene chikumuopsetsa: amatseguka. Aliyense angathe kuikamo batire lililonse ndi kuthiramo madzi alionse.

Tiyambe ndi batire. Lofala kwambiri m'mavape a batire losintha ndi lija lotchedwa 18650, dzina lochokera ku msinkhu wake: mamilimita 18 m'mimba mwake, 65 mulitali. Okonza mafoni ndi mawailesi m'misika ya kumudzi amalidziwa bwino, chifukwa limapezeka m'matochi otchaja, m'nyali za sola, m'mapawabanki ndi m'mabatire a malaputopu akale. Amisiri athu ndi aluso. Amaswa batire la laputopu yakufa, n'kusankha timabatire tamoyo, n'kudzutsira tochi ya munthu. Pa tochi zimenezi zimayenda ndithu. Koma koyilo ya vape imakoka mphamvu yambiri nthawi imodzi, ndipo batire lopangidwira laputopu, makamaka lokalamba, silinakonzedwere ntchito yotere. Likapanikizika limatentha, ndipo likafika penapake silizizira mpaka litatulutsa moto. Tochi imaphulikira patebulo, vape amaphulikira kukamwa kapena m'thumba la buluku. Mu Meyi 2018, bambo wina mumzinda wa St Petersburg ku Florida anamwalira vape wake wa batire lochotseka ataphulika.

Ngozi sizichitika posuta pokha ayi, zimachitikanso ponyamula. Thupi lonse la batireli ndi chitsulo chokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala. Kapulasitikiko kakang'ambika, kapena batire likakhala m'thumba limodzi ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo, mbali zake ziwiri zimalumikizana ndipo limayaka m'kanthawi kochepa. Wakabaza amene amaponya zonse m'thumba limodzi, kapena wogulitsa pa chiwaya amene wasiya batire pafupi ndi moto, ayenera kudziwa zimenezi. Batire lopatula lizikhala m'kabokosi kake ka pulasitiki, ndipo lotupa, lophwanyika kapena long'ambika chikutiro lisagwiritsidwenso ntchito. Nkhaniyi ikukhudzanso eni malo otchajitsira mafoni, kumene anthu opanda magetsi a ESCOM amasiya zipangizo zawo tsiku lonse, zitalumikizidwa zambirimbiri pa soketi imodzi m'kachipinda kotentha ka malata.

Madzi othirawo ndiye nkhani yaikulu koposa. Ku Ulaya malamulo amati chikonga chisapyole mamiligalamu 20 pa mililita imodzi, botolo lothirira lisapyole mamililita 10, ndipo chivindikiro chake chikhale choti mwana sangatsegule. Ngakhale pamlingo wololedwawo, kabotolo kamodzi kamakhala ndi mamiligalamu 200 a chikonga, pamene wosuta ndudu imodzi amalowetsa m'thupi miligalamu imodzi kapena ziwiri zokha. Mwana wamng'ono akamwa madzi onunkhira ngati switi amenewa, moyo wake uli pachiswe. Anthu a ku Mchinji safunika kuwafotokozera ukali wa chikonga. Aliyense amene anathyolapo fodya wamame m'mamawa amadziwa chizungulire, mutu ndi nseru zimene zimabwera chikonga chikalowera pakhungu. Lipoti la bungwe la Plan International la mu 2009 linati ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi ankatha kulowetsa m'thupi mamiligalamu 54 pa tsiku.

Kumisika kumene kulibe malire, kumapezeka madzi a mamiligalamu 50 pa mililita. Kale madzi amphamvu chotere ankakanda kukhosi moti munthu sakanapirira. Vape wa Juul wa ku America, amene anatuluka mu 2015, anatchukitsa njira yosakaniza chikonga ndi asidi kuti chizitsika mofewa, ndipo lero madzi ambiri a mu pod ndi otero. Wongoyamba kumene samva kuwawa kom'chenjeza, koma chibaba chimam'gwira msanga. Komanso botolo lopanda chizindikiro, lothiridwa kuchokera m'chigubu, palibe angadziwe zimene zili m'kati. Ku America, pakati pa 2019 ndi Febuluwale 2020, anthu oposa 2,800 anagonekedwa m'zipatala ndipo 68 anamwalira ndi matenda a m'mapapo. Ofufuza anapeza kuti gwero lalikulu linali mafuta a vitamin E acetate amene ogulitsa mozemba ankasungunulira madzi a chamba. M'dziko ngati lathu, momwe mafuta ophikira ndi agalimoto omwe amagulitsidwa m'timabotolo m'mbali mwa msewu, phunziro limeneli si lakutali.

Pa funso loti vape ndi wabwino kapena woipa, akatswiri eniake sagwirizana. Bungwe la Cochrane, limene limasanthula kafukufuku wa zachipatala, linapeza kuti mwa anthu 100 oyesa kusiya ndudu pogwiritsa ntchito vape wa chikonga, 8 mpaka 10 amasiyadi, poyerekeza ndi 6 mwa ogwiritsa ntchito timapepala tomata pakhungu kapena chingamu cha chikonga. Chimene chimapha kwambiri mu ndudu ndi utsi ndi phula la tsamba lopsa, ndipo vape alibe zimenezo. Koma bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachenjeza mu Disembala 2023 kuti mavape akukopa ana ndi anthu amene sanasutepo, ndipo linapempha mayiko kuti achitepo kanthu mwachangu.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma tiyang'ane amene angagule chipangizochi pa Kamwendo. Agogo amene akhala akupichira chingambwe zaka makumi anayi, omwe mapapo awo akanapepukidwa atasiya utsi, sangakwanitse mtengo wa vape, makoyilo ndi madzi ochokera kunja. Wokwanitsa ndi mnyamata wa geni, mwana wa sekondale wolandira ndalama kuchokera kwa achibale a ku Joni, mtsikana amene sangayerekeze kugwira ndudu pagulu koma saona chovuta ndi nthunzi yonunkhira zipatso. Ubwino umene Cochrane ikunena ukupita kwa osuta ofuna kusiya. Kwa amene sanasutepo palibe phindu lililonse, pali chibaba chokha. Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi osakwana zaka 18, ndipo Mchinji yokha inali ndi anthu oposa 600,000.

Mlimi nayenso nkhaniyi ikumukhudza, ngakhale sanaonepo vape ndi maso. Mu 2024 Malawi anagulitsa fodya woposa makilogalamu 130 miliyoni, n'kupeza ndalama pafupifupi madola 400 miliyoni a ku America, ndipo wambiri mwa fodyayo ndi bale wonga amene amalimidwa ku Mchinji. Chikonga chambiri cha m'mavape chimachokera ku tsamba la fodya ndithu. Kampani ya Universal, mwini gawo lalikulu la Limbe Leaf, ili ndi kampani ina ku America yotchedwa AmeriNic yopanga chikonga chamadzi. Koma tiyerekeze tsamba lokhala ndi chikonga magawo atatu pa 100 alionse: kilogalamu imodzi ingakhale ndi magalamu 30, okwanira timabotolo tija 150. Wofinya chikonga safunsa ngati tsamba ndi lofiira bwino, lalitali kapena losang'ambika, zinyenyeswa zimam'kwanira. Luso lonse losoka, kuyanika ndi kusankha magiredi, limene limapatsa belo mtengo, silikhala ndi ntchito pamenepo. Ndiponso masiku ano chikonga china chikupangidwa m'mafakitale popanda tsamba n'komwe. N'zosadabwitsa kuti Pyxus, kampani yomwe ndi kholo la Alliance One, inatsegula fakitale ya mtedza ku Kanengo mu 2022. Mlimi wa ku Mchinji, boma lodziwika kale ndi mtedza ndi soya, akuyenera kuwerenga chizindikiro chimenechi pamene akugawa munda wake.

Anzathu ena anasankha kale njira. Uganda inaletseratu mavape m'lamulo lake la 2015. South Africa inaika msonkho wa R2.90 pa mililita iliyonse ya madziwa mu Juni 2023. Malawi analowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023, koma lamulo lathu la Tobacco Industry Act limakamba za kulima, kugula ndi kugulitsa tsamba, osati za botolo la chikonga m'chikwama cha mwana wa sukulu.

Kuletseratu sikungaphule kanthu m'boma ngati Mchinji. Chipata cha Mwami, chimene atsogoleri Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula mu Disembala 2022, ndi khomo limodzi chabe pamalire aatali odzaza njira zachidule, momwe mabelo athunthu a fodya amadutsa panjinga usiku. Kanthu kolowa m'thumba sikangalephere kudutsa, ndipo kakalowa mozemba ndi pamene madzi osadziwika amachuluka. Chofunika ndi lamulo lomveka: kuletsa kugulitsa kwa osakwana zaka 18, kuika malire a chikonga, kuchotsa zonunkhiritsa zokopa ana, ndi kulamula kuti botolo lililonse likhale ndi chivindikiro cholimba ndi chenjezo la m'Chichewa, bungwe la Malawi Bureau of Standards litayeza zam'katimo. Mavape otaya ndiwo ayenera kukanizidwa pachipata.

Za mabatire akufa siziyenera kudikira Nyumba ya Malamulo. Okonza mafoni pa Kamwendo ndi amene kale amalandira mabatire otupa a mafoni, matochi ndi nyali za sola, ndipo alibe kokawasiya. Khonsolo ya Mchinji pamodzi ndi bungwe loteteza chilengedwe la MEPA angayambire pomwepo: chidebe chachitsulo chokhala ndi mchenga pa shopu iliyonse, nsonga za batire lililonse zitamatidwa ndi tepi, ndi galimoto yodzatenga pakapita miyezi ingapo, ndalama zake zikuchokera kwa amalonda amene amaitanitsa zipangizozi kunja.