Tulo tikathawa, cortisol amachita chiyani mu ubongo?

Abale akabweretsa wodwala kuchokera ku Domasi, Songani kapena Malosa ku chipatala cha matenda a maganizo cha Zomba, nkhani yawo kawirikawiri imafanana. Munthuyo watha sabata osagona, akungolankhula osapumira, wagulitsa mpunga wonse wa m'nyumba ndalama zake n'kumwaza pamsika. Chonsecho miyezi ingapo yapitayo ankangokhala ndwii, osadya, osasamba. Amalume amati ndi chamba, azakhali amati amulodza. Ife a ntchito imeneyi timayamba ndi funso lina: chinachitika n'chiyani tulo tisanathawe? Mayankho ake amakhala maliro, katapila, mayeso kapena kubereka kumene.

Matendawa ndi bipolar, ndipo bungwe la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni anali nawo padziko lonse. Amayenda m'magazi a kumtundu, koma chimene chimawautsa nthawi zambiri ndi nkhawa ndi kusowa tulo.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kotulutsa homoni yotchedwa cortisol. Ubongo ukaona zoopsa umatumiza uthenga, cortisol amakwera, shuga amachuluka m'magazi, munthu amakhala tcheru. Mwachibadwa amakwera m'mamawa n'kutsika usiku. Mwa odwala bipolar ambiri amakhala wokwererapo, ndipo ubongo umachedwa kumuletsa. Wokayikira mphamvu yake aone prednisolone, mankhwala ofanana naye amene timapereka pa mphumu: akachuluka, ena amayamba kusagona ndi kulongolola ngakhale sanadwalepo maganizo.

Mkati mwa ubongo muli gawo loyera. Imeneyi ndi mitsempha yolumikiza zigawo za ubongo, yokutidwa ndi mafuta otchedwa myelin monga pulasitiki amakutira waya wamagetsi. Chokutiracho chikapyapyala, uthenga umachedwa pakati pa chigawo choutsa mkwiyo kapena chisangalalo ndi chigawo chakutsogolo chimene chimati "dekha". Mu 2019 gulu la ofufuza la ENIGMA linayerekeza zithunzi za MRI za anthu oposa 3,000, odwala ndi osadwala, ndipo linapeza kusintha kwa gawo loyerali mwa odwala, makamaka pa mtolo wa mitsempha wolumikiza ubongo wakumanja ndi wakumanzere. Omwe ankamwa lithium, mankhwala amene John Cade wa ku Australia anayamba kuchizira matendawa mu 1949, mitsempha yawo inkaoneka bwinoko. Kafukufuku wa pa mbewa wasonyezanso kuti nkhawa yokhalitsa, yomwe imakweza cortisol, imafooketsa maselo opanga myelin.

Komabe pasakhale wogulitsa mbuzi kuti akajambulitse mutu ku Blantyre. Kusinthaku kumaoneka poyerekeza magulu a anthu. Chithunzi cha munthu mmodzi sichitiuza kuti ali ndi bipolar. Matendawa timawadziwa pomva mbiri ya wodwala kwa iye mwini ndi kwa omuyang'anira.

Lithium amafuna kuyeza magazi pafupipafupi, n'chifukwa chake kuno ambiri amalandira carbamazepine kapena sodium valproate, ngakhale womalizayu ndi woopsa kwa mwana wosabadwa. Kupatula mankhwala, mbali yotsala, yomwe ndi tulo, ili m'manja mwa banja, ndipo ndi imene ndimalimbikira kwambiri. Mwambo umafuna kuti tichezere pasiwa usiku wonse, koma wodwala bipolar apite masana, akhuze, alire nawo, kukada akagone. Akatha masiku awiri kapena atatu osagona koma akuti ali ndi mphamvu zedi, mupite naye ku chipatala cha Domasi tsiku lomwelo, musadikire tsiku la sikelo yake ya mankhwala.