Utsi wa chitukuko ukuthera m'mapapo mwa ana ku Chitawira

Mzinda wa Blantyre ukukula. Kalembera wa 2018 adapeza kuti muli anthu oposa 800,000, ndipo aliyense amafuna chakudya chophika, chokwera popita kuntchito ndi potaya zinyalala. Ku Chitawira kukulaku kumaonekera poyera: maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza zikupikisana mumsewu wa Kenyatta, ziwaya za tchipisi zikufuka cha ku Kamba, majenereta akulira m'mashopu magetsi akazima. Zonsezi ndi ndalama m'matumba mwa anthu. Koma chilichonse chimasiya utsi, ndipo amene umamupweteka kwambiri ndi mwana.

Muli chiyani mu utsiwu?

Choopsa kwambiri si mwaye wakuda umene timauona pakhoma. Ndi tinthu ting'onoting'ono timene akatswiri amatitchula kuti PM2.5. Kuti tifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi, tiyenera kundandalikana pafupifupi 30. Fumbi lalikulu limakodwa m'mphuno n'kutuluka ndi mamina, koma iti timadutsa mpaka pansi pa mapapo, ndipo tina timalowa m'magazi.

Tikafika m'mapapo timatupitsa njira za mpweya ndi kufooketsa chitetezo chake, motero tizilombo toyambitsa chibayo timapeza polowera. Mwana wa mphumu amabanika pafupipafupi. Kwa akulu, utsi wa zaka zambiri umabweretsa chifuwa chosatha, matenda a mtima, sitiroko ndi khansa ya m'mapapo. Mayi woyembekezera akamaupuma tsiku ndi tsiku akhoza kubereka mwana wochepa sikelo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mpweya woipa umapha anthu pafupifupi 7 miliyoni pachaka.

Mwana amavutika koposa chifukwa amapuma mofulumira kuposa wamkulu, mapapo ake akadali kukula, ndipo ndi wamfupi: akamayenda m'mbali mwa msewu popita kusukulu, mphuno yake imakhala pafupi ndi potulukira utsi wa galimoto. Wakhanda amakhala kumsana kwa mayi ake pamene akukupiza mbaula.

Makala amanyenga maso

Ambiri timaganiza kuti makala ndi abwino chifukwa akayaka bwino satulutsa utsi wooneka. Zoona, tinthu tija timachepa poyerekeza ndi nkhuni, koma makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Mpweyawu umakakamira m'magazi pamalo a okosijeni. Kafukufuku wina amene adasindikizidwa mu 2009 adayeza mpweya m'nyumba za mu Blantyre ndi za kumudzi, ndipo adapeza kuti carbon monoxide anali wochuluka m'nyumba za m'tauni, momwe amaphikira makala.

Ngozi imakula mu June ndi July, chiperoni chikafika. Banja limalowetsa mbaula kuchipinda kuti liothe, n'kutseka zitseko ndi mazenera. Choyamba ndi litsipa, chizungulire ndi mseru. Kenaka munthu amangogona osadzukanso. M'mawa wozizira wotero utsi wa m'dera lonse nawo sukwera kumwamba, umangoyandama pamwamba pa madenga.

Ngakhale nyumba zamagetsi sizinasiyane nayo mbaula. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, kuzimazima kwa magetsi kudabwezera mabanja ambiri ku makala.

Phunziro lochokera ku Chikwawa ndi Karonga

Kodi kugula mbaula yamakono n'kokwanira? Funsoli lidayesedwa konkuno ku Malawi. Ofufuza a Liverpool School of Tropical Medicine ndi anzawo a kuno adatsatira ana oposa 10,000 osakwana zaka 5 m'midzi 150 ya ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga. Mabanja ena adalandira mbaula zotulutsa utsi wochepa, ena adapitiriza kuphika pamafuwa. Zotsatira zake, zimene zidatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2017, zidadabwitsa ambiri: chibayo sichidachepe pakati pa ana a mabanja olandira mbaula zija.

Izi sizikutanthauza kuti mbaula zotero n'zachabe. Zimapulumutsa nkhuni ndipo ana sapsa nazo kawirikawiri. Koma mwana sapuma mpweya wa kukhitchini kwawo kokha. Amapumanso wa kwa aneba, wa kudzala lotenthedwa, wa fodya wa bambo ake ndi wa mumsewu. Ngati zili choncho kumudzi, nanga bwanji ku Chitawira, ku Zingwangwa kapena ku Ndirande, kumene nyumba zathithikana ndipo mafakitale a ku Makata sali patali? Mpanda wa njerwa umatchinga wakuba, koma utsi umalowa.

Zimene banja lingachite

Yatsirani mbaula panja, ndipo musakolezere moto ndi jumbo kapena zidutswa za pulasitiki. Phikirani pakhonde kapena pamalo podutsa mphepo, mwana ali patali. Mbaula isagone m'nyumba, ngakhale kuzizire motani. Jenereta ikhale panja, kutali ndi zenera. Wosuta fodya asasutire m'nyumba. Ngati thumba likulola, phikirani gasi kapena magetsi, ngakhale pa zakudya zina zokha. Masamba ndi makoko akwirireni akhale manyowa m'malo mowatentha pamodzi ndi mapulasitiki ndi matewera. Ana opita kusukulu adzere tinjira ta m'kati ngati tilipo, osati m'mphepete mwa msewu waukulu.

Musaiwale katemera. Wa chibayo adayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2011, ndipo ndi waulere kusikelo.

Zizindikiro zothamangira kuchipatala

Werengani kapumidwe ka mwana kwa mphindi imodzi ali phee. Akupuma mothamanga ngati wafika ka 60 ali wosakwana miyezi 2, ka 50 ali wa miyezi 2 mpaka 11, kapena ka 40 ali wa chaka chimodzi kufikira zaka 5. M'munsi mwa chifuwa mukamalowa m'kati popuma, akamalephera kuyamwa, akakomoka kapena milomo ikada, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala chapafupi monga cha Zingwangwa, kapena ku Gulupu. Wamkulu amene watsokomola masabata 2 akayezetse makhololo, chifukwa si chifuwa chilichonse chimene chili cha utsi. China ndi TB. Mukapeza munthu wafooka m'chipinda muli mbaula, tsegulani zitseko, mutulutseni panja msanga, n'kuthamanga naye kuchipatala.

Ntchito ya odzipereka

Inu amene mumayenda khomo ndi khomo pamodzi ndi alangizi a zaumoyo, onjezerani mafunso atatu pa ulendo wanu: mumaphikira pati, mbaula imagona kuti, zinyalala mumazitani? Mukaona kuti pamzere umodzi wa nyumba ana angapo akutsokomola, fufuzani pamene pakufuka utsi. Nkhani ya dzala loyaka pafupi ndi sukulu kapena zinyalala zosatengedwa kumsika itengereni kwa mfumu ya dera, komiti ya msika ndi khansala wanu, kuti ikafike kukhonsolo ya mzinda. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi athanzi, ndipo mpweya umene mwana wanu akupuma uli m'gulu lomwelo.