Ndalama ya mlimi ilibe matope

Titalandira ndalama za cimanga cimene tinagulitsa ku Food Reserve Agency, ife alimi a ku Mphamba tinalowa m'lesitilanti ina pa boma la Lundazi kuti tilaweko sipageti, cakudya ca ku Italy cimene ana athu amacitama. Tinakhala ola lathunthu popanda wotipatsa moni. Abwana ovala mataye amene anatipeza analandira mbale zao msanga. Zathu zinabwera zozizira, ndipo titadandaula, woperekera anangotiuza kuti tisiye ngati sitifuna.

Komatu tinalipira mtengo umodzimodzi ndi abwanawo. Inu eni malo odyera, phunzitsani anchito anu kuti wofika poyamba ndiye ayambe kudya. Tidzabweranso pa boma ndi ndalama za nshawa, ndipo tidzadya kumene adzatipatsa moni.