Nthano zopatulika zinkalondera nkhalango zathu

Aliyense woyenda pamsewu wa Zalewa kupita ku Mwanza amaona matumba a makala ali ndandanda. Kuno ku Luwani malo ambiri ayera, koma mitengo ikuluikulu idakalipo pamalo amodzi: kumanda. Palibe mlonda wa boma kumeneko. Chimene chimabweza nkhwangwa ndi nkhani zomwe tidamva kwa agogo, zoti kumsitu wa manda kumakhala mizimu ndipo wodulako mtengo mwachisawawa amaona malodza.

Ambiri tikamva za nthano timangoganiza za Kalulu ndi Fisi. Koma panali nthano zina zomwe sizinali zosekera pamoto. Zinali maziko a chipembedzo ndi malamulo a mudzi.

Achewa amati Chauta adatsitsa mwamuna ndi mkazi oyamba pamodzi ndi mvula paphiri la Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, atanyamula khasu, mtondo ndi lichero. Anthu, nyama ndi Chauta ankakhalira limodzi mwamtendere mpaka tsiku lomwe munthu adapeka moto n'kutentha tchire. Nyama zidathawa, ndipo Chauta adakwera kumwamba paulusi wa kangaude. Mwana womva nthanoyi ankakula akudziwa kuti kutentha tchire n'kudana ndi Mlengi.

Kumwera kwa boma lathu, m'chigwa cha Shire, Amang'anja ali ndi nkhani ya Mbona, mkulu wa mvula yemwe adaphedwa ndi adani ake, mutu wake n'kukaikidwa ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Kumeneko kuli kachisi komwe anthu akhala akukapempha mvula pachilala, ndipo mumsitu wozungulira kachisiyo saloleza kudula mitengo. Wansembe wa Katolika, Matthew Schoffeleers, adafufuza mbiriyi n'kulemba buku la River of Blood mu 1992.

Si ife tokha tili ndi chuma chotere. Ayoruba a ku Nigeria amati pachiyambi panali madzi okhaokha. Oduduwa adatsika kumwamba ndi unyolo, atatenga dothi m'chigoba cha nkhono ndi nkhuku. Adathira dothilo pamadzi, nkhuku n'kulipalasa mpaka mtunda udaoneka pamalo omwe lero ndi mzinda wa Ile-Ife.

Chondichititsa chidwi ndi mmene amasungira nkhani zawo. Zili m'kuombeza kotchedwa Ifa, komwe kuli ndi zigawo 256. Woombeza, yemwe amamutcha babalawo, amatha zaka zambiri akuziloweza pamtima. Munthu akabwera ndi vuto la matenda, banja kapena malonda, babalawo amaombeza, n'kumufotokozera nthano ya wina wakale amene adakumana ndi zofanana, kenaka amamuuza nsembe yoyenera. Choncho nthanozo zimagwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Nawonso nthano zawasungira nkhalango. Mumzinda wa Osogbo muli msitu wa Osun, mzimu wa mtsinje, komwe anthu miyandamiyanda amasonkhana chaka chilichonse mu Ogasiti. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika msituwu pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Chaka chomwecho lidalemekezanso Ifa pamodzi ndi Gule Wamkulu ndi Vimbuza wa kuno kwathu.

Kusiyana kwake n'kwakuti Ayoruba ali ndi anthu omwe ntchito yawo ndi kuloweza ndi kuphunzitsa, pomwe kuno zambiri zikupita kumanda ndi eni ake. Ndikafunsa ophunzira anga za Kaphirintiwa, manja okwezedwa amakhala owerengeka, chonsecho mayina a osewera a Manchester United amawatchula osapuma.

Sindikunena kuti tisiye tchalitchi kapena mzikiti n'kuyamba kuthira nsembe. Ayoruba ambiri lero ndi Akhristu ndi Asilamu, koma za Oduduwa amazidziwa. Sindikunenanso kuti nthano ingaletse bambo wopanda ufa m'nyumba kuotcha makala. Iyeyo akufunika njira ina yopezera ndalama. Koma lamulo la boma lokha lalephera pomwe mantha ndi ulemu wa makolo zidakwanitsa.

Pempho langa kwa mafumu ndi aphunzitsi anzanga m'boma la Neno n'lakuti titume ana kwa agogo awo akalembe nkhani za mapiri, madziwe ndi misitu ya kwawo, akulu omwe amazidziwa akadali moyo. Mwana wodziwa chifukwa chomwe makolo ankaopera dziwe lina la mu Lisungwi adzaganiza kawiri asanagwetse mtengo womwe ukulitchinga.