Mabolodi aang'ono a kompyuta: kutchipa ndi kusadya magetsi kuyenera kuwerengeredwa bwino

Ogulitsa zipangizo za kompyuta akamatsatsa bolodi laling'ono la mtundu wa Mini-ITX amakonda kutchula zinthu ziwiri: kuti ndi lotchipa, ndiponso kuti silidya magetsi ambiri. Mawu amenewa amakopa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yodalira magetsi a sola, kapena mwini sitolo amene magetsi amamuthimira kawirikawiri. Koma zonse ziwirizi zikhoza kukhala zoona, wogula n'kuluzabe ndalama zake.

Bolodi limeneli, lomwe pa Chingerezi amati motherboard, ndi pamene ziwalo zonse za kompyuta zimalumikizidwa. Muyezo wa Mini-ITX unayambitsidwa ndi kampani ya VIA Technologies ya ku Taiwan m'chaka cha 2001, ndipo bolodi lake limakhala la masentimita 17 m'litali ndi m'lifupi momwe. Pa mabolodi ambiri otchipa a mtunduwu purosesa imabwera yowotchereredwa kale. Wogula salipira purosesa payokha, koma sangathenso kuisintha ikayamba kuchepa mphamvu.

Chitsanzo chodziwika ndi bolodi la D945GCLF limene kampani ya Intel inatulutsa mu 2008 pa mtengo wosafika madola 100 a ku America. Purosesa yake, Atom 230, inkafuna mawati 4 okha, ndipo nambala imeneyi ndi imene anthu ankaitchula kwambiri. Chimene sichinkatchulidwa n'chakuti pambali pa purosesayo panali kachipangizo kena kotchedwa 945GC, koyendetsa zithunzi ndi memore, komwe kanapangidwira makompyuta akuluakulu a mu ofesi. Kameneka kankatha kudya mawati oposa 20. Ngakhale kafani kamene kanali pa bolodilo sikankaziziritsa purosesa ayi, kankaziziritsa kachipangizo komweko. Makina onse akalumikizidwa, magetsi otuluka pakhoma ankapitirira mawati 30. Intel inakonza vutoli pa bolodi la D510MO la mu 2010, lomwe linalibe fani n'komwe.

Choncho nambala yofunika ndi ya makina onse, osati ya purosesa yokha. Apa bokosi logawa magetsi m'kati mwa kompyuta limalowererapo kwambiri. Bokosi lakale lopangidwira mawati 400 likamadyetsa makina ofuna mawati 30 okha, mbali yaikulu ya magetsi imangosanduka kutentha. Munthu amene wagula bolodi losadya magetsi n'kuliika m'chikesi chakale chokhala ndi bokosi lotere wataya mbali ya phindu limene amalifuna.

Kodi phindulo ndi lalikulu bwanji? Zimadalira maola. Makina a mawati 40 akalowa m'malo mwa makina a mawati 100, kusiyana kwake ndi mawati 60. Ngati makinawo amayaka usana ndi usiku, monga osungira mafayilo a ofesi kapena mabuku a laibulale ya sukulu, pa chaka pamapulumuka mayunitsi a magetsi pafupifupi 526. Ngati amayatsidwa maola awiri okha patsiku, mayunitsi opulumuka ndi 44 basi, ndipo pangapite zaka zambiri ndalama yogulira isanabwerere.

Kumene kuli sola nkhani imasintha, chifukwa wati iliyonse imagulidwa ndi batire. Batire la mtovu la mavoti 12 ndi ma amp-hour 100 limasunga mawati-ola 1,200, koma kuti likhalitse siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka. Theka limenelo lingayendetse makina a mawati 40 kwa maola 15, pamene a mawati 100 lingawayendetse maola 6 okha, osawerengera sikirini. Kumalo otere bolodi lokwererapo mtengo koma lodya pang'ono limatchipa kuposa kugula batire lachiwiri.

Mtengo wolembedwa pa malonda nawonso si wonse. Bolodi limabwera lopanda memore, lopanda chosungira zinthu, lopanda kesi. Poitanitsa kunja pamawonjezeka ndalama yotumizira ndi msonkho wa pa chipata, womwe umasiyana dziko ndi dziko. Ndipo popeza purosesa ndi yowotchereredwa, chinthu chimodzi chikapsa bolodi lonse limatayidwa. Kubweza katundu wowonongeka kwa wogulitsa wa kutsidya la nyanja nthawi zambiri kumadula kuposa katunduyo.

Pali msampha wina pa mabolodi akale amene amagulitsidwa motchipa kwambiri ngati kaunjika. D945GCLF lili ndi malo amodzi okha oikapo memore ya DDR2, ndipo silipitirira magigabayiti 2. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 silandira mapurosesa a m'badwo umenewo. Bolodi lotere lingagwirebe ntchito zopepuka ndi pulogalamu ya Linux, ngati pali wina pafupi woidziwa. Amene akufuna makina a mu ofesi angachite bwino kuyerekeza mtengowo ndi wa mabolodi okhala ndi purosesa ya Intel N100 ya mu 2023. Imeneyi imafuna mawati 6, ili ndi mitima inayi m'malo mwa umodzi, ndipo zoyendetsa zithunzi ndi memore zili m'kati mwake momwe.