Mtsinje wa Santa ku Peru: madzi anaculuka dzulo, lelo akucepa

Kuno kwathu mtsinje ukadzala timadziwa kuti kumtunda kwagwa mvula. Koma kuli maiko ena ouma kumene mitsinje imadalila madzi oundana a pamwamba pa mapili. Kumeneko kutentha kwa dziko kumayamba kwaculukitsa madzi, kenako nkuwacepetsa. Umu ndi mmene zikucitikila ndi mtsinje wa Santa ku Peru, ku South America.

Mtsinjewu umayenda m'tsinde mwa mapili a Cordillera Blanca, kumene kuli phili la Huascarán, lalitali mamita 6,768. Pamwamba pake pamazizila kwambili moti m'malo mwa mvula pamagwa cipale cofewa. Cikaunjikana kwa zaka mazana ambili, cimasanduka madzi oundana olimba ngati thanthwe. Nyengo za kumeneko zifanana ndi zathu: mvula imagwa kuyambila October mpaka April, ndipo May mpaka September kumakhala kouma. M'miyezi youmayo madzi oundana amasungunuka pang'onopang'ono nkumathila mumtsinje. Ali ngati nkhokwe imene timadzaza pokolola nkumatapamo kufikila dzinja.

Santa amakathila m'nyanja ya Pacific pafupi ndi mzinda wa Chimbote, m'dela la cipululu. Madzi ake amapanga magetsi pa Cañón del Pato, amathilila minda ikuluikulu ya Chavimochic, ndiponso anthu a mumzinda wa Trujillo amamwa omwewo.

Tsopano cifukwa ca kutentha, madzi oundana amene amasungunuka pa caka amaposa cipale cimene cagwa. Poyamba mtsinje umadzala kuposa kale, alimi nkukulitsa minda. Koma madzi owonjezekawo akucokela m'nkhokwe imene palibe akuibwezela. Nkhokweyo ikacepa, mtsinje umayamba kuphwa. Kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti Santa anadutsa kale nthawi ya madzi oculuka, ndipo madzi a m'miyezi youma ayamba kutsika. Mu 2023 bungwe la boma la INAIGEM linalengeza kuti m'zaka pafupifupi 60 Peru wataya 56 pelesenti ya malo amene anali ndi madzi oundana. Ku Bolivia, dziko loyandikana nalo, a pa phili la Chacaltaya anathelatu mu 2009.

Palinso ngozi ina. Madzi osungunuka amapanga nyanja zing'onozing'ono m'mapili, zochingidwa ndi miyala ndi dothi cabe. Mu December 1941 nyanja ya Palcacocha inaphulika, madzi ndi matope nkukokolola mbali ya mzinda wa Huaraz, ndipo anthu osacepela 1,800 anafa. Lelo nyanjayo ili ndi madzi ambili kuposa zaka 50 zapitazo, ndipo boma linaikamo mapaipi ocepetsa madziwo.

Madzi oundana akadzatha, Santa sadzauma caka conse. M'nyengo ya mvula adzadzalabe, mwinanso kusefukila. Vuto lidzakhala miyezi ija ya May mpaka September, pamene mlimi wa kumtunda, opanga magetsi, minda ya m'cipululu ndi anthu a m'tauni adzalimbilana madzi ocepa. Ndiye cifukwa cake anthu a kumapiliko akuteteza madambo awo, pakuti dambo limasunga madzi a mvula nkumawatulutsa pang'onopang'ono. Silingafike pa nkhokwe imene ikuthayo, koma ndi limene lidzatsale.