Kalembera wa mavuto a ukonde wosokerera m'thupi la mayi

Mayi akabereka kangapo kapena akamakula, minofu imene imanyamula chiberekero ndi chikhodzodzo imatha kulefuka. Ena chiberekero chimatsika mpaka kuonekera kunjira yoberekera, ena mkodzo umangodontha akatsokomola kapena kuseka. Kuyambira zaka za m'ma 1990, madokotala a ku Ulaya, America ndi Australia anayamba kusokerera kaukonde ka pulasitiki ya polypropylene kochirikiza ziwalozi. Amayi ambiri kanawathandiza. Ena kanawaboola khungu la mkati, kanalowa m'chikhodzodzo, kapena kanawasiyira ululu wosatha.

Nanga ovutikawo anali angati? Apa m'pamene panagona vuto. Dokotala aliyense ankalemba m'njira yakeyake. Kaulusi kongosuzumira pachilonda ndi ukonde woboola matumbo zinkalembedwa ndi mawu amodzimodzi. Zinali ngati ogulitsa chimanga, wina akuyeza ndi ndowa wina ndi mbale, kenako n'kumakangana kuti wagulitsa chambiri ndani.

Mu 2011 mabungwe awiri a akatswiri, International Urogynecological Association ndi International Continence Society, anatulutsa ndondomeko imodzi, ntchito imene anatsogolera Bernard Haylen wa ku Australia. Vuto lililonse liyankhe mafunso atatu: ndi lotani, laoneka liti, lili pati?

Mitundu ya mavuto ilipo 7. Woyamba ndi pamene ukonde wakwinyika kapena ukumveka pogwira koma khungu silinang'ambike. Wachiwiri, waonekera osapitirira sentimita imodzi, wachitatu, wapitirira. Mtundu 4 ndi wa njira ya mkodzo, 5 wa matumbo, 6 wa khungu, minofu ndi mafupa. Wa 7 ndi pamene moyo weniweniwo uli pachiswe: kutaya magazi ambiri, kugonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ngakhale imfa. Pa mitundu itatu yoyambayo amaonjezapo chilembo: A ngati mayi sakumva kanthu, B ngati akudandaula, C ngati palowa tizilombo, D ngati patunga mafinya. Nthawi imayambira T1, maola 48 oyambirira, kufika T4, patadutsa chaka. Malo ndi S1 mpaka S5.

Tiyerekeze mayi wabwera patatha miyezi 7 chichitireni opaleshoni. Akuti akamakhala malo amodzi ndi bambo akunyumba amamva kubaya. Dokotala apeza kaukonde kotalika theka la sentimita kakuonekera pomwe anasoka paja. Alemba 2BcT3S1. Kachilembo kakang'ono ka c ndiko kamanena za ululu wa pogonana, ndipo kwa ine ndiko kofunika koposa, chifukwa ululu umenewu ndi umene amayi amachita nawo manyazi kuutchula, nawonso madokotala ankangoudumpha.

Ndondomekoyi ili ndi zofooka zake. Ndi yovuta kuloweza, ndipo ofufuza ena atapatsa madokotala angapo nkhani ya wodwala mmodzi, zilembo zinatuluka zosiyana. Ochita kafukufuku ambiri sanaigwiritse ntchito n'komwe.

Chimene chinagwedeza maboma kwambiri ndi amayi eni ake, amene anadandaula poyera ndi kukasuma kumakhothi. Ku England anaimitsa maopaleshoni ambiri otere mu 2018. Ku America, bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linalamula mu Epulo 2019 kuti ukonde wa chiberekero chotsika wolowetsera kunjira yoberekera usagulitsidwenso. Ku England, lipoti la Baroness Cumberlege la mu 2020 linapeza kuti madandaulo a amayi ankanyozedwa kwa zaka zambiri, ndipo linapempha kuti pakhale kaundula mmodzi wolemba chipangizo chilichonse choikidwa m'thupi, amene anachiika, ndi mmene wodwalayo akupezera pambuyo pake.